Gulu la banja: za ufa wa amayi wochokera ku Leeds

Achemwali a ku Leeds: Mwadzuka bwanji nonse? Katundu ndinapatsira alamu uja wafika kumudzi? Muli mabokosi awiri a Fybogel a amayi, a vuto lawo la kudzimbidwa lija. Chonde musawapatse ndisanafotokoze.

Mdzukulu: Tadzuka bwino azakhali. Wafika dzulo madzulo. Agogo anang'amba kapepala kamodzi, amafuna anyambite ngati ufa wa malambe, ndinawaletsa.

Achemwali a ku Leeds: Wachita bwino kwambiri mwanawe. Ufa umenewo sadya wouma ayi. Ndi makoko a njere za chomera chotchedwa psyllium, chimalimidwa kwambiri ku India. Ukakumana ndi madzi umafufuma nkumaterera ngati therere. M'mimba ndiye ntchito yake imeneyo, chimbudzi chimafewa. Koma ukafufumira pakhosi umatsamwitsa munthu.

Achimwene a ku Joni: Moni abale. Kuno amwenye amagulitsa womwewo, amati isabgol. Ine ndimati amayi azimwa masupuni awiri m'mawa, awiri madzulo, zitheretu msanga. Avutika nthawi yaitali.

Achemwali a ku Leeds: Ayi achimwene, mukatero muwatupitsa mimba ndi mpweya, mawa lake aukana. Kapepala kamodzi kali ndi magalamu 3.5. Pa bokosi analemba kawiri pa tsiku, koma ayambe ndi kamodzi kwa sabata yathunthu. Mdzukulu, uzithira m'kapu yodzaza madzi ozizira, kutakasa, amwe pompo usanalimbe, kenako uwapatse kapu ina ya madzi okha. Amwe atakhala tsonga, ndipo asamwe akupita kukagona. Sugwira tsiku lomwelo, umatenga masiku awiri kapena atatu.

Mzime: Nanga mapilitsi awo a BP ndi a shuga?

Achemwali a ku Leeds: Funso labwino. Ufawu umatha kukola mankhwala m'mimba, asalowe bwino m'thupi. Pazipita maola awiri pakati. Poti mapilitsi amamwa m'mawa ndi madzulo, uwu amwe akatha nsima ya masana. Umathanso kutsitsa shuga, nchifukwa chake ndikufuna adokotala adziwe tisanayambe.

Mdzukulu: Azakhali, pali nkhani ina ndakhala ndikuopa kunena. Agogo samwa madzi. Kapu ndimawaikira pambali pa mkeka m'mawa ndimaipeza madzulo ili chodzazire, nyerere zili m'mphepete. Ndinawafunsa, akuti akamwa amadzuka usiku, ndiye chimbudzi chili kuseri kwa nkhokwe, mdima, maondo sakulola kunjuta. Mwezi watha ndinawapeza atagwira khoma akulephera kudzuka. Anandiuza kuti ndisauze munthu.

Mzime: Mayo ine. Amayi anga.

Achimwene a ku Joni: Bwanji sunanene kale mwanawe?

Amalume: Musamukalipire mwanayo, wasunga ulemu wa agogo ake. Mlongo wanga ndimamudziwa, za kuseri sangauze ana ake aamuna. Ndiye apa nkhani yasintha. Munthu wosamwa madzi mukampatsa ufa wofufuma, si mumutseka m'mimba kotheratu?

Achemwali a ku Leeds: Ndi zoona amalume, zikhoza kutero. Popanda madzi okwanira bola osayamba nkomwe. Mtima wandipweteka, ine ndimangoganiza za mankhwala.

Alamu: Pepani ndilowererepo. Kwa kalipentala wa pa msika angatikhomere mpando wobowola pakati, pansi nkuika ndowa ya chivindikiro. Uzikhala kuchipinda usiku. Tigulenso tochi ya sola. Madzi ambiri azimwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko, madzulo pang'ono chabe.

Achimwene a ku Joni: Za mpando ndi tochi zisiyireni ine. Alamu, funsani mtengo lero, nditumiza pa Mukuru.

Amalume: Komanso ufa woyera uja muchepetse. Tinakula ndi mgaiwa ife. Kudimba kuli nkhwani ndi mpiru, papaya ali pakhomo pomwepo akungodyedwa ndi mbalame.

Mdzukulu: Mgaiwa amaukana nsima, koma phala lake amamwa likakhala la nsinjiro.

Amalume: Yambira pomwepo.

Achemwali a ku Leeds: Mdzukulu, uwafunse mwakachetechete, muli awiri. Akhala masiku angati osapita? Anaonapo magazi? M'mimba mukupweteka kwambiri, kapena akusanza? Nsima ikuwavuta kumeza? Chimodzi mwa izi chikakhalapo, ufawo usautsegule, ndi za kuchipatala basi. Ngakhalenso akayamba kumwa, pakapita masiku atatu osasintha, asiye mubwerere kwa adokotala. Ndipo uuike pamwamba, tiana tija tisaufikire.

Mzime: Lachinayi ndi tsiku lawo lokatenga mankhwala a shuga. Ndipempha kuntchito, ndinyamuka ku Lilongwe Lachitatu madzulo ndikagone kumudzi, ndiwaperekeze ndekha. Ndinyamula bokosi limodzi ndi buku lawo lakuchipatala adokotala akaone.

Amalume: Za mpandozo musawauze ndinu ana, achita manyazi. Ndipita mawa ndikalankhule nawo ndekha.

Mdzukulu: Zikomo agogo. Mukabwere m'mawa, masana amakhala atatopa. Ndawapatsa kapu ya madzi pompano, amwa theka.