Makapisozi a prostate a K45,000, ndigule kapena ndisiye?

Nankhoma (Bembeke): Akuluakulu, bambo anga a zaka 68 akumadzuka kasanu usiku kukakodza, mkodzo wake wongodontha. Wina akugulitsa makapisozi a saw palmetto, mankhwala a zitsamba omwe akuti amathandiza prostate, botolo la mwezi umodzi K45,000. Ndigule?

a Ngozo: Musayerekeze, mayi. Ndi akuba anthu amenewa, ine anandidya mabotolo atatu. Saw palmetto anamuyesa kale pomufananiza ndi mapiritsi opanda mankhwala, sanapambane. Botolo likakhala lopanda dzina la kampani ndi tsiku lothera ntchito, ndi nkhani ya PMRA imeneyo, bungwe la boma loyang'anira mankhwala.

Chisale wa pa Lizulu: K45,000 yachani? Lomwelo ena akugulitsa K28,000. Kazingani nthanga za maungu, dzanja limodzi pa tsiku, nkhani yatha.

Nasibeko: A Chisale, nthanga ndi chakudya chabwino koma sizitsegula njira yotsekeka. Prostate ili pansi penipeni pa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake, ndiye ikakula imafinya njirayo ngati mwaponda paipi ya madzi. Tamsulosin 0.4 mg, kapisozi mmodzi pa tsiku, mphindi 30 mutadya, amamasula minofu ya pamenepo ndipo kusintha kumaoneka m'masiku ochepa. Koma saichepetsa. Woichepetsa ndi finasteride 5 mg, yemwe amafuna miyezi pafupifupi 6, n'chifukwa chake ambiri amamusiya mwezi wachiwiri n'kumati sagwira. Tamsulosin amapatsa chizungulire, makamaka kwa omwa mankhwala a BP, choncho bambo azikhala kaye m'mbali mwa bedi asanaimirire. Umuna umathanso kuchepa. Mayi woyembekezera asagwire finasteride wophwanyika.

Maseko: Ife za m'mabotolozi sitiziyang'ana n'komwe. Opaleshoni ku chipatala cholipira ku Lilongwe, amapala mkati kudzera njira ya mkodzo, osang'amba mimba. Ndalama zilipo n'zogwiritsa ntchito.

a Ngozo: Si onse tili ndi mashopu pa boma, achimwene.

Nasibeko: Opaleshoni ndi ya amene mkodzo ukuwatsekeka mobwerezabwereza, impso zayamba kuvutika, kapena mankhwala alephera. Musanagule chilichonse, bambo akaonedwe pa chipatala cha boma cha Dedza. Awayeze mkodzo ndi shuga, chifukwa shuga nayenso amadzutsa munthu usiku. Dokotala amapima prostate ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, mphindi imodzi yokha, ndipo ikakhala yolimba ya mabumphu amaganizira khansa. Chinzonono chakale chimasiya chipsera chopanikiza njira, chimenecho tamsulosin sachitha. Akamawayeza PSA, komwe ndi kuyeza magazi pofufuza khansa ya prostate, auzeni adokotala ngati bambo akumwa finasteride, chifukwa amatsitsa nambalayo ndi theka.

Chisale wa pa Lizulu: Chala chimenecho madala ambiri amachithawa. Tamsulosin nayenso si wotchipa, K20,000 pa mwezi.

Maseko: Bodza, K12,000.

Nambewe (Mphate): Zaulere simukuzitchula. Tiyi, khofi ndi mowa azisiya madzulo, kumwa madzi kuthe maola awiri asanagone, masana azimwa mokwanira. Akamaliza kukodza adikire pang'ono n'kuyesanso. Asadzimbidwe. Chachikulu, June ndi kuzizira kwa Dedza anthu amathamangira Piriton ndi mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, amenewo atha kutsekeratu mkodzo. Ukatsekeka, pansi pa mchombo patafufuma ngati mpira, musadikire kuche, pitani kuchipatala akaike katheta, kapaipi kotulutsira mkodzo. Chimodzimodzi akakodza magazi kapena thupi likatentha.

a Ngozo: Katheta wa labala amasinthidwa pakatha milungu 4, wa silicone amafika 12. Thumba lizikhala pansi pa chiuno nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere. Kathetayo ali ndi kabaluni ka madzi mkati, wina asadzamukoke yekha.

Nankhoma (Bembeke): Wogulitsa uja akuti andichotsera K5,000 ndikatenga awiri.

Nasibeko: Ndalamayo ikhale ya minibasi, mupite nawo kuchipatala Lolemba.

Chisale wa pa Lizulu: Nthanga ndili nazo, mbale yaing'ono K2,000.