Wailesi yanga ya HF yangoti zii masiku atatu, yafa kapena ndi dzuwa?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndimalankhula ndi mnzanga amene ali ku Svalbard, zilumba za Norway za kumpoto kwenikweni kwa dziko, pa wailesi ya HF (ya shortwave, yolankhulirana ndi anthu akutali), kawirikawiri pa 14 MHz. Kuyambira Lachiwiri kwangoti zii. Ndakwera padenga, ndamanganso mlongoti, waya ndasintha, osathandiza. Masiteshoni akumwera ndikuwamva bwinobwino. Chondizunguza mutu n'chakuti kwawoko kukada mawu ake amamveka pang'ono, kukangocha atayika. Ndigule ina?

Yankho: Musataye ndalama achimwene, wailesi yanu ili bwino. Zimenezo pa Chingerezi amati polar cap absorption. Dzuwa likaphulika limaponya ma proton (tizidutswa tosaoneka ndi maso tokhala ndi mphamvu ya magetsi) othamanga kwambiri, ndipo mphamvu ya maginito ya dziko imawakokera kumapeto a dziko, kumpoto ndi kumwera. Akafika kumeneko amalowa mpweya wa m'munsi mwa ionosphere (gawo la mlengalenga limene limabweza mafunde a wailesi pansi), pamtunda wa makilomita 50 mpaka 90, n'kuthothola ma electron (tizidutswa tinanso ta magetsi) ambirimbiri. Mpweya wa pamenepo ndi wothinana, ndiye ma electron aja akagwedezeka ndi mafunde a wailesi amangogundana ndi mpweyawo, mphamvu yonse n'kuthera pomwepo. Mafunde anu sakufika n'komwe pamwamba pomwe amayenera kubwerera pansi. Za usikuzo musadabwe: kukada ma electron amamatirira ku oxygen, njira imatseguka pang'ono, dzuwa likatuluka limawamasulanso.

Yankho lina: Zoona bwana. Musasokoneze ndi kuzima kumene kumabwera ndi ma X-ray a dzuwa. Kuja kumafika m'mphindi 8, kumagwira mbali ya dziko imene kuli masana, ndipo sikukhalitsa. Kwa ma proton kumatha masiku. Akatswiri anayamba kukuzindikira bwino dzuwa litaphulika pa 23 February 1956. Ngakhale ndege zodutsa kumpoto kwenikweni zimasintha njira zikatere, chifukwa kumeneko zimadalira HF. Onani tsamba la NOAA, bungwe la zanyengo la ku America, ali ndi mlingo wa kuchuluka kwa ma proton wa S1 mpaka S5 komanso mapu otchedwa D-RAP osonyeza kumene mafunde akumezedwa.

Wofunsa: Zikomo akulu. Nanga ndikakweza mphamvu ya wailesi zingathandize?

Yankho: Mungotentha chipangizo pachabe. Yesani kukwera ku 21 kapena 28 MHz, chifukwa mafunde otsika ndi amene amamezedwa kwambiri. Mupanganenso ndi mnzanuyo kuti muziyesa kwawoko kutada, apo ayi akuimbireni pa foni ya satellite ya Iridium mpaka ma proton achepe.