Wayamba kudzicheka titafika pa nkhani yeniyeni, ndisiye kapena ndipitirize?

Phungu wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikuthandiza mtsikana wa zaka 15 amene anagwiriridwa chaka chatha. Poyamba zimayenda, koma chiyambireni kufotokoza za tsikulo sakugona, ndipo dzulo ndaona mabala a lezala pamkono. Amawabisa ndi juzi, kutentha konseku. Azakhali ake akuti ndikumutosa pachilonda, asabwerenso. Ndisiye?

Namwino wa zamaganizo: Achemwali, mwamufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha? Kufunsa sikumulowetsa maganizowo m'mutu. Ambiri odzicheka amangofuna kuti ululu wa mumtima uchepe, koma musamuganizire, ayankhe yekha. Maganizowo alipo? Wakonza njira? Anayesapo kale?

Phungu wa ku Chinamwali: Ndafunsa. Akuti zakufa ayi, koma zithunzi za tsikulo zikamubwerera usiku ndiye amatenga lezala.

Mlangizi wa achinyamata, Matawale: Ine ndingomutumiza ku Zomba Mental basi. Izi zakula.

Namwino wa zamaganizo: Achimwene, mukangotchula Mental azakhaliwo amva kuti mwana wapenga, ndipo simudzamuonanso. Kutumiza lero lomwe n'kwa amene wakonza njira, wayesapo posachedwa, kapena alibe womuyang'anira. Uyu ndingayambire ku One Stop Centre ya pa chipatala cha Zomba Central, komwe amathandiza ochitiridwa nkhanza, a chipatala aone mabalawo.

Phungu wamkulu: Mwana wanga, osasiya kumuona. Imitsa kaye kufotokozako, osati chithandizo. Si zachilendo kuti mwana avutike kwambiri akayamba kutchula zimene ankazithawa, koma lezala ikutiuza kuti liwiro lapitirira mphamvu zake. Bwererani pa zokhazika mtima pansi: kupuma pang'onopang'ono, kutchula zinthu zisanu zimene akuziona m'chipindamo, kugwira madzi ozizira. Zikakhazikika muyambenso, pang'ono pokha, iye azinena poti mulekezere. Ndipo zolemerazi osazichita Lachisanu masana n'kumusiya nazo mpaka Lolemba. Mphindi zomaliza zizikhala zomubweza, atuluke atapepukidwa.

Koma funso langa lalikulu ndi ili: amene anamuchita chipongweyo ali kuti?

Phungu wa ku Chinamwali: Anatuluka pa belo, amayi. Amakumana naye popita ku mjigo.

Phungu wamkulu: Ndiye vuto si iwe wekha ayi. Mwana sangafotokoze ngati zakale pomwe munthuyo akumuona m'mawa uliwonse. Dziwitsa a Social Welfare ndi a Victim Support ku polisi mawa lomwe.

Namwino wa zamaganizo: Lembaninso naye pulani pa pepala: zizindikiro zoti zayamba, chochita, womudzutsa usiku, ndi nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ya bungwe la YONECO, yomwe ndi yaulere. Azakhali achotse malezala, mapiritsi ndi mankhwala a makoswe m'nyumba. Koma mumuuze kaye mwanayo kuti izi simungazisunge chinsinsi, asazimvere kwa azakhali.

Phungu wa ku Chinamwali: Zikomo nonse. Ndiwaimbira azakhaliwo madzulo ano, tikumane tonse atatu mawa ndisanapite ku Social Welfare.