Wailesi ya sefuliya ya Ever Ready: imafuna moto wanji, nanga ndiyambire pati?

aZulu_Chipata

Akuluakulu, ndapeza wailesi ya sefuliya, ija ya Ever Ready yozungulira, yabuluu, yotchedwa Saucepan Special. Mavalavu onse anayi, timababu tagalasi tija, alimo, pagalasi palembedwa DK91, DF91, DAF91 ndi DL92. Sipika ilipo koma batire palibe, kwangotsala mawaya olendewera. Mkati muli fumbi ndi nyumba ya mavu. Kodi adaputa ya 12V kapena batire la sola zingaiyatse? Nanga ndisinthe chiyani ndisanaipatse moto? Mita ya dijito ndi chowotcherera ndili nazo.

Mmisiri_Ndirande

A Zulu, 12V musayese n'komwe. Mawailesi awa anayamba kufika mu 1949, kuti anthu a kumidzi yopanda magetsi azimvera Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, ndipo ankayendera batire limodzi lalikulu lotulutsa moto wamitundu iwiri: 1.5V wotenthetsera timawaya ta mkati mwa mavalavu, ndi 90V woyendetsera china chilichonse. Timawayato ndi ta 1.4V, topyapyala kuposa tsitsi. Mukatipatsa 12V, kapena mukasemphanitsa mawaya n'kulowetsa 90V pa malo a 1.5V, mavalavu onse anayi apsa musanaphethire.

Yambani poona ngati ali moyo. Zulani imodziimodzi, mopendeketsa pang'ono, ndipo musapukute galasi ndi nsalu yonyowa chifukwa zilembo zimafufutika. Valavu ili ndi miyendo 7. Iyang'aneni kunsi, muwerenge kuchokera pa mpata motsata mivi ya wotchi. Ikani mita pa ma ohm pakati pa mwendo 1 ndi 7. Zitatu zoyambazo zionetse nambala yosafika 30, DL92 imaonetsa kuwirikiza kwake chifukwa ili ndi timawaya tiwiri tokumana pa mwendo 5. Mita ikangoti duu, valavuyo yafa. Pofuna zina dziwani kuti ku America zimatchedwa 1R5, 1T4, 1S5 ndi 3S4, ndi zomwezo.

Mawaya olendewerawo musawakhulupirire potengera mtundu. Atsateni ndi mita: wopita ku mwendo 7 wa mavalavu atatu oyamba aja, kudzera pa switchi, ndiye wa 1.5V, wopita ku thiransifoma ya sipika ndiye wa 90V. Amangirireni tepi yolembapo.

Moto wake: batire limodzi lalikulu la tochi, la alkaline, likwanira mbali ya 1.5V, yomwe imakoka 250mA. Mbali ya 90V lumikizani mabatire 10 a 9V motsatana, amalowana okha kukamwa. Wailesi ikakhala bwino imakoka pafupifupi 10mA basi, choncho amatha maola 40 kapena kuposerapo. Ikanipo fyuzi ya 50mA, ndipo mukulunge nsonga zonse: 90V imaluma, makamaka manja ali ndi thukuta.

Chimodzi chomwe ambiri amaphonya: negativi ya 90V musailumikize ku negativi ya 1.5V kapena ku chitsulo cha wailesi. Mawailesi a mabatire a nthawi imeneyo ambiri ali ndi rezisita ya ma ohm mazana angapo pa waya ameneyo, yomwe imapanga pafupifupi -7V yoletsa DL92 kukoka moto wambiri. Mukalumikiza mawaya awiriwo mwailambalala, mawu amasasa, mabatire n'kutha msanga.

NaBanda_Mz

Ndiwonjezere za makapasita, popeza ndiwo amapha mawailesi awa. Aja ozungulira, apepala okutidwa ndi phula, amamwa chinyezi n'kuyamba kudutsitsa moto ngati rezisita. Mita wamba singakuuzeni, chifukwa imayeza ndi moto wochepa. Kudontha kumaonekera pa 90V.

Woopsa kwambiri ndi amene amachoka pa anodi (potulukira mawu) ya DAF91 kupita ku giridi (polowera mawu) ya DL92. Akadontha, giridi imalandira positivi, DL92 imakoka moto wopitirira, ndipo thiransifoma ya sipika, yomwe waya wake ndi woonda kale, imatha kuduka. Thiransifomayo ndi yovuta kupeza kuposa valavu. Ameneyu musinthe musanayatse ngakhale kamodzi.

Atsopano gulani a polyester a 250V kapena 400V. Nambala zakale zambiri sizipezekanso, tengani zoyandikira, zonse mu µF: 0.05 ikani 0.047, 0.002 ikani 0.0022, 0.01 ilipobe. Wa electrolytic wa pa 90V, ngati ndi wa 8µF, ikani 10µF ya 160V, positivi ku positivi. Aja osalala a mica asiyeni, sawonongeka kawirikawiri ndipo ena ali pa gawo lotchunira.

Marezisita akale amakwera nambala akamakalamba. Yang'anitsitsani ozungulira DAF91, a 1M mpaka 10M. Dulani mwendo umodzi poyeza. Yopitirira 20% isinthidwe. Mawu akakhala otsika kwambiri, kawirikawiri ndi yomwe imadyetsa sikirini (giridi yachiwiri ya mkati) ya DAF91.

Ine maganizo anga, apepala onse achoke tsiku limodzi. Ndi ochepa, ndipo palibe wa zaka zoposa 70 amene angakhale bwino.

Mmisiri_Ndirande

Mayi Banda, kuti onse achoke ndikuvomera, koma osati tsiku limodzi kwa munthu wopanda chojambula cha mawaya. Asinthe wa pa giridi ya DL92 ndi wa electrolytic, ayatse, amve pomwe wailesi ili. Kenako mmodzimmodzi, akuyatsa pakatipakati. Ikasiya kulankhula adziwa kuti vuto lili pomwe wagwira kumene. Ajambulenso ndi foni asanadule kalikonse, ndipo kapasita watsopano agone pomwe panagona wakale, miyendo yaifupi. Pa shotiwevu waya wautali umabweretsa likhweru.

Poyatsa koyamba, a Zulu, ikani mita pa mA motsatana ndi waya wa positivi, muyambe ndi mabatire 5 okha. Mukaona 20mA kapena kuposa, thimitsani. Musadikire kuwala: mavalavu awa saoneka kuyaka masana ndipo safunda, amalankhula pompopompo.

aZulu_Chipata

Zikomo nonse. Mavalavu onse ndi amoyo, makapasita awiriwo ndasintha. Pa 90V ikukoka 9mA. Sipika ikungoti shiii, siteshoni palibe ngakhale ndizungulize bwanji.

Che_Mdala_Valavu

9mA ndi nkhani yabwino, achimwene. Tsopano yezani mbali ziwiri za wailesiyo padera, ya mawu ndi yakutsogolo yolandira mafunde. Kwezani voliyumu, mukhudze mwendo wapakati wa chokwezera mawu ndi sikuludiraiva yomwe mwagwira chitsulo chake. Kukamveka kulira kapena kuthetheka, DAF91, DL92 ndi sipika zili bwino, vuto lili kutsogolo.

Kutsogoloko woyamba kumukayikira ndi DK91. Ili ndi gawo lomwe limadzipangira mafunde ake osakaniza ndi a siteshoni, ndipo ikakalamba gawo limenelo ndilo limayamba kuima, makamaka pa shotiwevu. Yezani 1.5V pa miyendo ya valavu wailesi ili choyaka, osati pa batire. Ikatsika kufika 1.1V, DK91 yofooka imangokhala chete pomwe zinzake zikugwirabe ntchito. Nthawi zambiri moto umatayikira pa switchi yadzimbiri kapena m'mabowo a miyendo. Tsukani ndi mankhwala otsukira maswitchi, mulowetse ndi kutulutsa valavu kangapo. Kuti mutsimikize, yezani mwendo 4 wa DK91 kudzera pa rezisita ya 1M yomangirira kunsonga ya mita. Pakhale negativi ya mavoti angapo. Ikakhala ziro, gawo lopanga mafunde lija laima.

Onaninso kapasita wotchunira, uja wa mapuleti olowana. Dothi la mavu kapena puleti yopindika zimagunditsa mbali ziwirizo. Chotsani waya wake, muzungulize mita ili pa ma ohm, pasapezeke pogundana. Tsukani ndi kaburashi kouma ndi sipiriti, osati madzi.

Timasikuluwu ta pa zitini za IF (zosefera mafunde a siteshoni) ndi tina tating'ono ta pambali pa makoyilo musatikhudze. Sitinamasuke, tinatchunidwa dala. Mukatizunguliza popanda makina otulutsa mafunde oyezera, kubwezeretsa n'kovuta, ndipo timitima ta mkati mwa makoyilo timasweka.

Eriyo nayo. Wailesi iyi ndi ya shotiwevu yokha, FM ilibe, ndipo popanda waya wakunja ingokhala chete ngakhale ili yabwinobwino. Kokani waya wa mamita 10 mpaka 15, m'mwamba, kutali ndi malata ndi mawaya a magetsi, wina mulumikize ku chitsulo chokhomera m'dothi lonyowa. Yesani madzulo pa mamita 49, 41 ndi 31. Thimitsani kaye ma chaja a foni, mababu a LED ndi invata ya sola, chifukwa phokoso lawo limakwirira masiteshoni akutali. Mvula ya mphezi ikamabwera, eriyo izulidwe.

NaBanda_Mz

Ikadzalankhula, mabatire n'kuyamba kukudyerani ndalama, mbali ya 1.5V mungaipangire LM317 (kachida kotsitsa ndi kuwongolera moto) yokhala ndi rezisita ya 240 ndi ya 27 ohm, imatulutsa 1.39V. Koma ikafa imatha kudutsitsa moto wonse, choncho ikani madayodi awiri a 1N4007 motsatana pakati pa positivi ndi negativi potulukira, ndi fyuzi polowera. Tizida totchipa tokweza 12V kufika 90V ndi taphokoso kwambiri pa shotiwevu, mabatire a 9V amaposa. Utoto wabuluuwo musaupale, sopo pang'ono ndi nsalu yofewa zakwana. Tiuzeni zomwe mwendo 4 waonetsa.