Sevisi kwa dila kapena pa galaja wamba?

Nachisale (Leeds): Abale, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndinagula chaka chatha ija yakwana nthawi ya sevisi. Ndaimbira komwe ndinagula, mtengo omwe anditchulira ndinachita kukhala kaye pansi. Galaja ina kufupi ndi kwathu akuti achita pa theka la ndalamazo. Koma mnyamata wa kwa dila wandiuza kuti ndikangopita kwina, waranti yathera pompo. Zoona zimenezi? Galimotoyi ndiye khasu langa, ndimazungulira nayo makomo a okalamba asanu ndi atatu patsiku.

Bambo a Tadala (Manchester): Chemwali, akungokuopsezani. Kuno ku UK kuli lamulo la mpikisano pa malonda a galimoto, amalitcha Block Exemption, analikonzanso mu 2023. Kampani siingakumaneni waranti pa chifukwa chokhacho choti sevisi munachitira pa galaja wamba. Koma galajayo itsate zomwe buku la galimoto likunena: nthawi yake, mailosi ake, oyilo wake weniweni, ndi masipeya abwino mofanana ndi omwe inabwera nawo.

Nachisale (Leeds): Ndiye amanamiranji anthu amenewa?

Bambo a Tadala (Manchester): Nawonso akusaka ya ndiwo. Muwauze akulembereni mawu amenewo pa imelo, muona lilime likusintha.

Malume a ku Joni: Ndilowererepo, poti ine zinandionekera. Kunonso ku South Africa kuyambira pa 1 July 2021 Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, inatsegula njira, munthu ukhoza kuchititsa sevisi kulikonse waranti ili chiimire. Ine nditamva choncho ndinangoti basi ufulu wafika. Ndinkapereka galimoto kwa mnyamata wina wa kwathu amene amakonzera kuseri kwa nyumba. Dzanja ali nalo, sindinama, injini amaimva ndi khutu ngati aja a ku Ndirande. Koma oyilo ankatunga m'chigubu chachikulu chopanda dzina, ndi botolo lodula pakamwa, ine n'kumangoyang'ana ndikumwa tiyi. Tsiku lina turbo inayamba kulira ngati mluzu, utsi tolo kumbuyo. Kupita kwa dila, mayi wa pa kauntala sanakalipe ayi. Anangotsegula buku la sevisi, masamba mbee, n'kufunsa marisiti. Ine m'thumba munali nambala ya foni ya mnyamata uja basi. Ndinalipira ndekha, ndalama yomwe ndinkati ndigulire malata kumudzi.

Mayi a Yamikani (Luton): Iii pepani malume. Ndiye vuto silinali galaja wamba ayi, koma kusowa pepala.

Malume a ku Joni: Pepala ndi oyilo. Akadandipatsa risiti yolemba bwino mtundu wa oyilo, bwenzi tikukangana mpaka ku MIOSA, ofesi yomva madandaulo a za galimoto kuno. Koma ukadandaula ndi chiyani m'manja muli zii?

Bambo a Tadala (Manchester): A Nachisale, mvetsani pamenepo. Risiti isakhale yongoti sevisi, ndalama zakuti. Palembedwe tsiku, mailosi, nambala ya galimoto, oyilo ndi manambala ake onse aja, ndi nambala ya fyuluta iliyonse. Ikhale galaja yolembetsedwa, yokhala ndi nambala ya VAT. Galimoto zambiri zatsopano zilibenso buku lodinda chidindo, mbiri yake imasungidwa pa kompyuta, ndiye muwafunse musanawapatse makiyi ngati angathe kulowetsamo. Ine marisiti ndimawajambula pa foni tsiku lomwelo, inki ya mapepala amenewa siichedwa kufufutika.

Mayi a Yamikani (Luton): Koma musaike zonse m'dengu limodzi, achimwene. Waranti zimasiyana. Ya Kia ndi zaka 7 kapena mailosi 100,000, imabwera ndi galimoto. Ya Toyota yofika zaka 10 ija ndi ina: zaka zitatu zoyamba zikatha, amakuwonjezerani chaka chimodzi nthawi iliyonse mukachititsa sevisi kwa iwo. Mukapita kwina sanakulandeni kanthu, kungoti chaka chowonjezeracho simuchipeza. Komanso ngati galimoto ili pa PCP (ngongole ya galimoto yolipira mwezi ndi mwezi) kapena ya lendi, werengani pepala la ngongole, ena amalembamo komwe muyenera kuchitira sevisi.

Malume a ku Joni: Kunonso ngati unalipira kale service plan, pulani yolipiriratu masevisi a kwa dila, kupita kwina ndi kutaya ndalama yako yomwe. Ubwino wake pano amayenera kukuuza mtengo wa pulaniyo padera, ukhoza kuikana pogula.

Achimwene Phiri (Coventry): Nanga zoikamo tokha? Ine ndinaika kamera ya kutsogolo ndi wailesi ina ya pa intaneti. Mnzanga akundinyengereranso kuti tichune kompyuta ya injini izithamanga.

Bambo a Tadala (Manchester): Wailesi singaphe giyabokosi, ndiye giyabokosi ikafa alibe pokanira. Chomwe angakane ndi chimene chawonongeka chifukwa cha chinthu mwaikacho. Mukadula mawaya poika kamera, magetsi n'kuyamba misala, imeneyo ndi yanu. Koma zochuna injinizo zisiyeni. A kwa dila akangolumikiza makina awo amaziona, ndipo injini ndi giyabokosi mwazitulutsa nokha m'waranti. A inshuwalansi nawonso amafuna kuuzidwa, mukabisa mudzalira pa tsiku la ngozi.

Achimwene Phiri (Coventry): Kkkk basi ndimuuza achune yake.

Mayi a Yamikani (Luton): China chomwe anthu amasokoneza: sevisi ndi kukonza kwa waranti ndi zinthu ziwiri. Chinthu chikafa chokha waranti ilipo, kapena akakulemberani kalata ya recall, yoitanitsa galimoto kuti akonze vuto la ku fakitale, pitani kwa dila, n'zaulere. Mukachikonzetsa kwina kaye kenako n'kumakafuna akubwezereni ndalama, mudzatopa ndi kuyenda. Akakana popanda chifukwa chomveka, kuli The Motor Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a za galimoto kuno ku UK, kudandaula kwake sikolipira.

Nachisale (Leeds): Safunsa anadya phula, zikomo nonse. Ndapeza pepala la ngongole lija, linali m'chikwama cha mapasipoti. Ndiwerenga ndikaweruka usiku uno. Likakhala kuti silikunditsekera, Loweruka ndipita pa galaja ija ndi buku m'manja.

Malume a ku Joni: Ndipo chigubu cha oyilo muchione ndi maso anu asanathire.