Nkhope ya mkwatibwi yavuta atapanga peel, ukwati watsala masabata 3

Mwini saluni, Area 25:
Anzanga, mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru. Loweruka ndinapanga peel (kupaka asidi kumaso kuti khungu lapamwamba lifunduke) ya glycolic acid ya 30% kwa mtsikana wina amene amadandaula ndi madontho akuda otsala ndi ziphuphu. Lero Lachitatu wanditumizira zithunzi. Pamphumi ndi pachibwano khungu likufunduka pang'onopang'ono monga timayembekezera, koma masaya onse awiri afiira, pena pakuchucha timadzi, ndipo m'mphepete mwake mwayamba kuda. Akuti akamasamba pakumawotcha. Mtsikanayu amagulitsa kaunjika panja tsiku lonse, ukwati wake watsala masabata 3. Akufuna ndimupangenso ina Loweruka likubwerali kuti zichoke msanga. Ndakana, koma sindikufuna kungomubweza chimanjamanja. Ndimuuze chiyani?

Mayi wa saluni, Area 47:
Mwachita bwino kukana, mwana wanga. Pakhungu lotseguka sitiikapo asidi, ngakhale kasitomala alire motani. Koma musanamuuze chochita, muimbireni foni, osati meseji, mumufunse zinthu izi: wakhala akusenda ndi zala kodi? Akusambira sopo wanji? Kuyambira Loweruka wapita kumsika? Ndipo chachikulu, asanabwere kwa inu ankadzola chiyani? Musafunse kuti "mumadzola mafuta oyeretsa?" chifukwa ayankha kuti ayi. Muuzeni ajambule chilichonse chimene chili pawindo kapena m'chikwama chake, machubu ndi timabotolo tonse, akutumizireni. Ine 30% pakhungu labwinobwino sindiyembekezera kuti ifike potulutsa timadzi. Pali china chake.

Wophunzira ntchito, Chinsapo:
Amayi, ine kumene ndikuphunzira ena amati madontho akayamba kuda muzipaka ndimu ndi uchi usiku, kapena kupukuta ndi spirit kuti paume msanga. Sizingathandize?

Mayi wa saluni, Area 47:
Ayi ndithu, chonde. Ndimu ndi asidi winanso, ndipo madzi ake akakhala pakhungu munthu n'kupita padzuwa amatha kuwotcha n'kusiya banga loposa loyambalo. Spirit, Dettol, mankhwala otsukira mano, zonsezo zisayandikire nkhope imeneyo. Mwachita bwino kufunsa muno musanakayesere pa munthu.

Mwini saluni, Area 25:
Ndalankhula naye. Wavomera kuti Lolemba usiku anasenda timakungu ta pamasaya chifukwa timamunyansa. Kumsika wapita masiku onse, wopanda chipewa. Akusambira sopo wamtanda wochapira zovala. Zithunzi za mafuta watumiza: pali kachubu kolembedwa clobetasol propionate 0.05%, akuti amasakaniza ndi losheni wake, wakhala akutero pafupifupi chaka. Pafomu yanga analemba kuti sadzola chilichonse. Akuti sankadziwa kuti ndi mankhwala, anangogula pamsika.

Namwino, Area 18:
Asisi, kachubu kameneko ndi kamene kafotokoza zonse. Clobetasol ndi steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa) wamphamvu kwambiri, wa m'gulu lapamwamba zedi mwa ma steroid odzola. Madokotala amalembera munthu wa matenda ena a khungu kwa masabata ochepa, ndipo kawirikawiri osati kumaso. Munthu akadzola kumaso miyezi yambiri khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, mabala amachedwa kupola, ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Ndiye asidi amene mwa munthu wina akanangokhudza pamwamba, mwa iye walowa mozama. Kusendako ndi dzuwa zangowonjezera.

Pali zinthu ziwiri zimene inu simungamalize nokha kusaluni. Choyamba ndi malo akuchuchawo. Ngati pali nkhanambo zachikasu, mafinya, ululu umene ukukula m'malo mochepa, kutupa kofalikira, kapena thupi likutentha, pamenepo palowa matenda. Ngati pali timatuza tating'onoting'ono toundana, makamaka pafupi ndi milomo, mumufunse ngati amatuluka zilonda za pamilomo. Peel imatha kudzutsa kachilombo ka herpes, ndipo kakafalikira pakhungu losenda kamasiya zipsera. Mankhwala ake ndi aciclovir, amafunika kuyamba msanga, koma wolemba ndi dokotala. Chachiwiri ndi steroid yemweyo. Pabala lotseguka asadzolenso. Komabe munthu amene wadzola chaka chathunthu akasiya, nkhope imatha kufiira, kuyabwa ndi kutuluka tiziphuphu kwa masabata angapo, ndipo ambiri amathamangira kuchubu komweko poganiza kuti ndiye mankhwala ake. Akufunika womuyang'anira pa nthawi imeneyo. Apite mawa, kaya kukiliniki ya khungu ku chipatala cha Kamuzu Central kaya kwa dokotala wina wa khungu, atenge machubu onse, ndipo inu mumulembere papepala dzina la asidi, mphamvu yake, tsiku, ndi mphindi zimene unakhala pankhope. Kapepala kameneko kamatithandiza kwambiri ife olandira odwala.

Mwini saluni, Area 25:
Zikomo asisi. Kapepala ndilemba pompano. Nanga kuyambira usiku uno azichita chiyani kunyumba?

Namwino, Area 18:
Zochepa kwambiri. Asambe m'manja kaye. Nkhope aitsuke kawiri patsiku ndi madzi oyera ofunda pang'ono, osati otentha. Ngati madzi akukayikitsa, awawiritse n'kuwasiya azizire. Sopo wochapirayo asiye, ngati alibe chotsukira kumaso chofewa chopanda fungo, madzi okha akwanira masiku amenewa. Popukuta asakhule, angogunditsa kansalu koyera kakekake. Kenako pamalo otsegukawo apake Vaseline weniweni wopanda fungo, pang'ono chabe, kuti pasaume. Scrub, toner, retinol, vitamini C, phaudala, zonse ziime. Pilo avale nsalu yochapa.

Wokongoletsa akwati, Kawale:
Pa Vaseline pokhapo ndikukayika, achemwali. Kutentha kwa Okutobala uno, thukuta, fumbi la mumsika likamatirira pamenepo, si ndiye ziphuphu zibwereranso? Makolo athu ankati bala lizipitidwa mphepo kuti liume.

Namwino, Area 18:
Nkhawa yanu ya fumbi ndi yoona, n'chifukwa chake ndikuti pang'ono, pamalo otseguka okha, osati kumata nkhope yonse mpaka kunyezimira. Koma zoti bala liume ndiye ayi. Khungu latsopano limamera kuchokera m'mphepete mwa bala ndi m'timabowo ta ubweya, ndipo limayenda msanga pamalo achinyezi. Pakauma pamachita nkhanambo yolimba, imang'ambika munthu akaseka kapena kutafuna, imayabwa, munthu n'kuisenda, bala n'kuyambiranso. Kwa ife akhungu lakuda, tsiku lililonse limene bala likhala lotupa ndi lofiira, timaselo topanga mtundu wa khungu timatulutsa melanin wochuluka. Banga lakuda limachokera pamenepo. Bala likatsekeka msanga, banganso limachepa.

Yankho la fumbi ndi loti asapite kumsika mpaka patatsekeka.

Mayi wa saluni, Area 47:
Pamenepo ndi pamene pavute, ndipo tisanamizane. Munthu wa kaunjika akajomba sabata, ndiye kuti ndalama ya ukwati yomweyo yaima. Mukangomuuza kuti "khalani pakhomo" avomera pafoni, mawa mumupeza pa mulu wa zovala. Khalani naye pansi muone amene angamugwirireko, mng'ono wake kapena mnzake wa benchi yoyandikana, ngakhale masiku 5 okha. Mwezi uno ukamatha dzuwa la masana kuno ku Lilongwe limakhala paliwombo penipeni, mthunzi umachita kusowa. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo asakhale pamtetete. Akatuluka, chipewa chachikulu cha khonde mozungulira, osati kapu, ndi ambulera. Pa kabaza ambulera satheka, ndiye masiku amenewa akwere minibasi, akhale mbali yopanda dzuwa.

China chimene timaiwala ndi mbaula. Kuwerama pamoto kuphika nsima, nthunzi ndi kutentha zikumenya masaya osenda, kumawonjezera kufiira. Wina amuphikireko sabata ino.

Wophunzira ntchito, Chinsapo:
Nanga sunscreen, mafuta oteteza khungu kudzuwa aja? Makasitomala ambiri ndikawauza amati amenewo ndi mafuta a anzathu achialubino, ife akuda sitipsa.

Namwino, Area 18:
Khungu lakuda silipsa msanga, n'zoona, koma limada msanga pamene pavulala, ndipo vuto la mtsikanayu ndi lomwelo. Pamalo pamene pakuchucha asapake kaye, aziteteza ndi chipewa ndi mthunzi. Pakangotsekeka ayambe, yolembedwa SPF 30 (mlingo wa mphamvu yotchinga dzuwa) kapena kuposa, m'mawa uliwonse, ndipo akakhala panja azibwereza pakatha maola 2 chifukwa thukuta limachotsa. Ya zinc oxide kapena titanium dioxide siiluma kwambiri pakhungu lanthete. Vuto lake imasiya nkhope yotuwa, anthu n'kuisiya. Akapeza yokhala ndi mtundu wa khungu, imene ili ndi iron oxide, ndiye yabwino koposa, chifukwa imatchinganso kuwala kooneka ndi maso kumene kumadetsa mabanga mwa anthu akuda. Agule ku pharmacy, aone tsiku lothera ntchito, asagule yokhala padzuwa pa benchi.

Mwini saluni, Area 25:
Funso limene akundifunsa mobwerezabwereza ndi lakuti, pofika tsiku la ukwati zikhala zitatha?

Wokongoletsa akwati, Kawale:
Muuzeni zoona, achemwali. Mabalawo, akawasamala ndipo ngati mulibe matenda, masabata 3 ndi okwanira kuti atsekeke. Koma kudako sikungathe pofika tsikulo. Mabanga otere amatenga miyezi, ena theka la chaka kapena kuposa. Mukamulonjeza zoti ayera, abwerera kuchubu chija mobisa, ndipo ndi zimene ndikuopa kwambiri. Kubisa banga ndiye ntchito yanga. Pakhungu lotsekeka ndimayamba ndi corrector (chopaka chobisa banga) ya olenji pamene padapo, kenako foundation ya mtundu wake weniweni, osati yowala kuposa khosi. Pazithunzi sipaoneka kanthu. Koma pakhungu lonyowa kapena la nkhanambo sindiikapo burashi, ngakhale atandilipira kawiri. Maburashi ndi siponji zikhale zochapa, zisanakhudze munthu wina tsiku limenelo. Madzulo ake achotse mofatsa, osagona nazo.

Mayi wa saluni, Area 47:
Za azelaic acid kapena niacinamide zochepetsa mabanga mudzakambe ukwati utadutsa, dokotala atavomereza. Peel ina isaganiziridwe mpaka khungu litabwerera mphamvu. Ine masiku ano aliyense wofuna peel ndimamuuza abwere ndi mafuta ake onse m'jumbo tsiku loyamba, ndimawerenga ndekha machubuwo, ndimayesa kaye kamalo kakang'ono kuseri kwa khutu, ndipo mkwatibwi amene ukwati wake uli pafupi chonchi sindimuyamba n'komwe. Ndikaona clobetasol, betamethasone (steroid winanso) kapena hydroquinone (mankhwala oyeretsa khungu), ndimamutumiza kwa dokotala kaye.

Mwini saluni, Area 25:
Ndabwera ndi nkhani, lero Lachisanu. Dzulo anapita kuchipatala ndi machubu ake ndi kapepala kaja. Amupatsa mankhwala opaka pamalo amene panayamba nkhanambo zachikasu, amuuza abwererenso sabata yamawa kuti aone za steroid uja. Mng'ono wake wavomera kukhala pa kaunjika mpaka Lachitatu. Chipewa ndamugulira ndine. Asisi a ku Kawale, mungamuone liti kuti muyese mtundu wa foundation?

Wokongoletsa akwati, Kawale:
Akabwerako kuchipatala sabata yamawa munditumizire chithunzi chojambula pawindo masana, chopanda filter. Ngati patsekeka ponse, abwere kutatsala masiku 4 kuti ukwati uchitike, m'mawa, ndipo atenge sunscreen amene akudzolayo kuti ndione ngati akugwirizana ndi foundation yanga.