Sitovu ya gasi: ndigule kapena ndikhalebe pa mbaula?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndisokonezeko pang'ono. Tikagawana za banki mkhonde mwezi wamawawu ndikufuna ndigule sitovu ya gasi ya mapoto awiri ndi silinda yake. Abambo akunyumba akuti n'kutaya ndalama, bola tigule matumba a makala tisunge mvula isanayambe. Amene muli nayo tandiuzeni zoona zake, osati za otsatsa malonda. Pakhomo tilipo anthu 6.

Make Tada: Gulani asisi, musachite kufunsanso. Ine phindu lake ndimalionera m'mawa. Kale ndinkadzuka kudakali mdima kukayatsa mbaula pakhonde, kutentha majumbo, kukupiza ndi chivundikiro cha poto, misozi ili chuchuchu. Makala akanyowa ndiye basi, mwana azipita kusukulu m'mimba muli pululu. Pano ndimangopotokola, kukhwatcha machesi, madzi a tiyi awira ndisanamalize kumupesa mwana. Mapoto nawonso anasiya kuda kunsi.

Nabanda: Make Tada mukunena zokoma zokhazokha. Tanenani za tsiku limene gasiyo wathera nsima ili pamoto, pa 20, malipiro ali kutali. Makala ine ndimatuma mwana pa mseu apa, kajumbo kamodzi, taphika, mawa tionanso. Gasi amafuna ndalama ya nthawi imodzi. Ife amageni ndalama imabwera pang'onopang'ono, ndiye imayenera kutulukanso pang'onopang'ono.

Make Tada: Koma mumawerengera timajumboto kuti pamwezi timakwana zingati?

Nabanda: Ndimadziwa kuti timaposa thumba lathunthu. Kudziwako sikundipatsa ndalama yogulira thumba.

Bambo Phiri a welding: Ndilowepo amayi. Nabanda akunena zoona koma theka. Malo ambiri odzazira gasi mu Lilongwe muno amagulitsa pa kilo, simukakamizidwa kudzaza silinda yonse. Mukhoza kupita ndi ya 9kg n'kunena kuti andiikire makilo awiri okha. Mtengo wa pa kilo amalengeza ndi a MERA, ngati mmene amachitira ndi petulo. Vuto limene ndimaliona ine ndi ulendo. Makala amakupezani pakhomo pa njinga, gasi mumamutsata, ndiye muonjezerepo ya kabaza kupita ndi kubwera. Mukamadzaza makilo awiriawiri, kabaza ndi amene adye phindu lanu lonse.

Gogo Nangondo: Ine ndingoti chenjerani ana inu. Bomba limenelo m'nyumba mwanga sililowa. Nyumba za lendi zogundizanazi, mmodzi akalakwitsa tapsa mzere wonse.

Bambo Phiri a welding: Agogo, ine gasi ndimagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku, ndikuuzeni mmene zimakhalira. Silinda siphulika yokha ili chikhalire. Ngozi imabwera gasi akamadontha m'chipinda chotseka, wina n'kubwera kudzayatsa machesi. Ndipo gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera m'mwamba ngati utsi, amayala pansi. N'chifukwa chake khitchini imafunika zenera lotsegula, ndipo mukamva fungo mutsegulenso chitseko. Fungo loipa lija amachita kuikamo dala kuti mphuno ikuchenjezeni. Mukalimva musayatse chilichonse, ngakhale switch ya getsi musaikhudze, tsekani pa silinda, tsegulani ponseponse, tulukani.

Poyesa ngati pakudontha musayese ndi machesi, ndawaonapo anthu akutero. Sungunulani sopo m'madzi, pakani pamene paipi yalumikizana ndi regulator (kachipangizo ka pamutu pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi) ndi pamene yalowa ku sitovu. Pakatuluka thovu lotukumuka, pamenepo pali vuto. Paipi ikhale yagasi yeniyeni, osati yothiririra maluwa, imangidwe ndi timakilampu mbali zonse, ndipo ikayamba ming'alu isinthidwe. Silinda iime chilili nthawi zonse, ngakhale pa njinga yamoto.

Gogo Nangondo: Mwaona? Malamulo onsewo kuti munthu udye nsima. Mbaula ilibe sukulu.

Anamwino: Agogo pepani, apo ndikutsutseni mwaulemu. Mbaula ili nayo sukulu yake, kungoti tinazolowera. Chaka chilichonse June ndi July kukazizira anthu amalowetsa mbaula kuchipinda, kutseka mazenera, kugona. Makala akamanyeka m'malo otseka amatulutsa mpweya wa poizoni, carbon monoxide, umene ulibe fungo ngakhale pang'ono. Munthu amangomva mutu, kufooka, tulo, osadzukanso. Gasi bola amanunkha. Onjezani ana okwawa amene amagwera pa mbaula kapena kukoka poto wa phala poti zonse zili pansi. Sitovu ya patebulo mwana wokwawa saifikira.

Gogo Nangondo: Za kuchipindazo ndavomera mwanawe, ife tinkadziwa kale kuti moto sugona ndi munthu m'nyumba yotseka. Koma nsima ya pa gasi sipsa, imeneyo musandinamize. Ndinadyapo kwa mpongozi wanga ku Area 25, kunja yooneka bwino, m'kati kumveka ufa.

Make Tada: Hahaha agogo, pamenepo wolakwa ndi wophika. Gasi amawiritsa madzi msanga ndiye anthu amathamangira kuthira ufa phala lisanakhwime. Phala lisiyeni libwate mokwanira pa moto wochepa, kenako muthyakule, mukatha vundikirani kanthawi moto uli pansi kwambiri. Imapsa bwinobwino mpaka nkhoko.

Nachisale: Nkhani ya nsimayi ndi imene ndimafuna. Poto wathu ndi wamkulu. Pothyakula sagwedezeka?

Make Tada: Zimatengera mwagula iti. Ija yomangirira pamwamba pa silinda yaing'ono, ya 3kg kapena 5kg, ndi ya tiyi, mazira ndi kabachala. Poto wa anthu 6 pamenepo mudzagwetsa. Ya patebulo ilibe vuto bola tebulo likhale lolimba ndi lofupikirapo, chifukwa likatalika mkono umatopa, mthiko umafuna munthu auweramire. Ine ndinachita kudulitsa miyendo ya tebulo kwa akalipentala.

Nabanda: Nanga nyemba? Tayankhani za nyemba tione.

Make Tada: Nyemba ndiye ayi, ndisaname. Nyemba, nthumbwana, mapazi a ng'ombe, zimenezo zimapita pa mbaula. Ukaziika pa gasi umachita kumva ndalama ikuwira.

Nabanda: Ndiye kuti makala mukugulabe. Zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi. Abambo a kwa Nachisale akulakwa pati?

Anti a ku Kawale: Ndakhala ndikungowerenga. Ine nyemba ndimaphika pa gasi ndipo sizindipweteka. Ndimaziviika m'madzi usiku wonse, m'mawa ndimataya madziwo, n'kuziika mu pressure cooker. Ikayamba kulira ndimachepetsa moto, ndipo theka la ola likamakwana zafewa, makamaka zikakhala zatsopano. Amene alibe pressure cooker pali njira ina imene ndinaiona kwa amayi anga aang'ono. Nyemba zoviika ziwire kwambiri mphindi 15 kapena 20, kenako tsitsani poto osavundukula, mukulungeni m'bulangeti lakale, muikeni m'dengu, pamwamba pilo. Pitani kumsika, chapani, chitani zanu. Pobwera masana mupeza potoyo akadali wotentha moti simungamugwire ndi manja, nyemba zapsa zokha. Chotsala n'kukazingira tomato ndi anyezi basi.

Koma chimene chimamaliza gasi m'nyumba zambiri si nyemba. Ndi madzi osamba. Mukalola kuti aliyense aziteleka ndowa yake pa gasi, silinda ya 9kg siona kutha kwa mwezi. Kwathu lamulo ndi loti madzi osamba ndi a pa mbaula kapena a padzuwa. Ndi lamulo limenelo imatipitirira mwezi, ndipo tilipo asanu.

Bambo Mbewe: Inetu ndiwaikire kumbuyo abambo anzanga. Si kuti ndi kuumira. Gasi yense amachokera kunja, amafuna madola. Munaona November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Ndiye munthu wagula sitovu, silinda, regulator, mawa mtengo wakwera kapena gasiyo wasowa, zonsezo zisanduka zokongoletsa m'khitchini. Bwanji osagula hotipuleti? Magetsi ndi athu omwe, a mu Shire.

Make Tada: Achimwene, hotipuleti ndili nayo, ili pamwamba pa kabati. Mwaiwala 2022? Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January muja dziko linataya pafupifupi 130 megawatts, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti akonze. Anthu ambiri amene ndimawadziwa anagula gasi nthawi imeneyo. Komanso ife a mita imodzi nyumba zitatu, ukangoyatsa hotipuleti aneba ayamba kusuzumira pazenera kuwerengera mayunitsi.

Bambo Mbewe: Za mita yogawana ndiye zoona, imeneyo imadanitsa.

Aphunzitsi: Ndionjezepo mbali imene sitinaikhudze. Makala amene timagula mu Lilongwe muno ambiri amachokera ku Dzalanyama, ndipo nkhalango imeneyo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu. Madzi a m'mipope yathuyi gwero lake ndi limenelo. Zinafika poti boma linatumizako asilikali kukalondera mitengo. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, moti kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala opanda chiphaso ndi mlandu wa chilango chachikulu. N'chifukwa chake anyamata a njinga aja amalowa m'tauni mbandakucha. Mitengo ikamatha amapita kutali, thumba limakwera mtengo, ndipo makala ake akumabwera opepuka, ongothetheka n'kusanduka phulusa. Bambo Mbewe akuopa kukwera kwa gasi, koma makala nawonso akhala akukwera.

Nabanda: Aphunzitsi, zonsezo n'zoona, koma lamulo siliphika ndiwo. Ndipo mnyamata wokankha njinga ya matumba atatu usiku wonse uja naye ali ndi ana. Mundipatse china chimene ndingakwanitse, ndisiya lero.

Aphunzitsi: Sindikukuweruzani mayi, nanenso mbaula ndili nayo. Ndimangoti poyerekeza mitengo tiziyang'ananso kumene zinthu zikulowera.

Atcheya: Ine funso langa ndi limodzi kwa Nachisale. Kunyumbako amayatsa mbaula m'mawa ndani?

Nachisale: Ine, amayi. Ndikadwala ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 2.

Atcheya: Ndiye nkhani ili pamenepo. Abambo akuwerengera ndalama ya makala ndi ya gasi, ndipo mwina pa ndalama zokhazo kusiyana kwake si kwakukulu monga amanenera otsatsa. Chimene sakuwerengera ndi ola lija la m'mawa, chifukwa si iwo amene amalilipira. Inu mumagulitsa zovala ku msika wa Tsoka, mukafika mochedwa anzanu asankha kale mabelo abwino. Mtsikanayo akafika mochedwa kusukulu amupatsa chibalo. Madzulo mwabwera wotopa, mvula ikugwa, khonde lanyowa, muyambe kusaka pouma poyatsira. Ine ndinakana gasi zaka zambiri ngati agogowa. Anandigulira ndi mwana wanga, ndipo chimene chinasintha si ndalama ayi. Abambo anu akunyumba kuno, amene chikwatiraneni sanagwirepo mbaula, pano amadziphikira tiyi okha ndi kukazinga mazira ine ndili kutchalitchi. Anyamata anganso aphunzira kuphika poti sakuopa kuda m'manja.

Bambo Mbewe: Atcheya mwatilasa.

Gogo Nangondo: Mwamuna wa tiyi wa pa gasi ameneyo, chimanga chootcha adzachionera kuti? Nanga mbatata yootcha m'phulusa? June akafika muzidzaothera sitovuyo?

Atcheya: Mbaula sitinataye agogo, ili pakhonde. Loweruka imagwira ntchito.

Bambo Phiri a welding: Nachisale, ngati mwatsimikiza, zinthu ziwiri. Choyamba musagule silinda yakale ya dzimbiri pa msika chifukwa yatchipa, odzaza ena amaikana, ndipo valavu yake simuidziwa mbiri. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, akupatseni lisiti. Chachiwiri, pa silinda iliyonse pamakhala polembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Podzazitsa muziimirira pa sikelo pomwepo, muone nambala asanayambe ndi atamaliza. Ine malo ena anandipatsa yoperewera pafupifupi kilo yathunthu, ndinakazindikira kunyumba nditaikoleka pa sikelo yanga ya chimanga. Sindinapitekonso.

Anti a ku Kawale: Ndipo mukafuna kudziwa kuti watsala wochuluka bwanji, pukutani silinda ndi kansalu konyowa. Kumtunda kopanda gasi kumauma msanga, kunsi kumene kuli gasi kumakhala konyowa ndi kozizira. Mukaona mzere watsikira pansi, yambani kusunga ya kudzazitsa.

Nabanda: Ine ndikadali pomwe ndinali. Wa malipiro a pamwezi agule. Wa geni ngati ine aganize bwino, chifukwa ndawaona anzanga silinda ili mbuu fumbi pansi pa bedi, anadzaza kamodzi kokha tsiku logula.

Nachisale: Zikomo nonse, ndamva mbali zonse. Ndikuona ngati nditenga ya mapoto awiri ndi silinda ya 9kg, mbaula ikhale ya nyemba ndi madzi osamba, ndipo makala tigule thumba limodzi m'malo mwa atatu amene abambo amanena. Za Nabanda zandilowa, ndiye ndiziponya kangachepe m'kachitini tsiku lililonse, ija ndikanagulira kajumbo, kuti pothera gasi ndisadzasowe pogwira. Chatsala n'kuwauza eni nyumba madzulo ano. Bambo Phiri, mungadzabwere kudzatimangira paipi? Ine za makilampuzo sindingazithe.

Bambo Phiri a welding: Ndidzabwera, ingokonzani sopo ndi madzi. Abambowo adzakhalepo kuti ndidzawaonetse potsekera.

Gogo Nangondo: Tsiku loyamba kuphika nsima mudzanditumizire mtanda umodzi ndi mwana. Ikadzamveka ufa ndidzanena pompano pagulu.